Wotsalira Posambira Asatayidwe

Munthu wokhala m'boma la Phalombe sangathe kuwapewa madzi. Mbali ina kuli mapiri a Mulanje ndi Michesi, kumene kumachokera mitsinje ndi makwawa ambirimbiri. Mbali ina kuli Nyanja ya Chilwa, imene imalandira madzi a mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani koma yosawatulutsira kwina kulikonse. Pakati pa phiri ndi nyanja pali chigwa chathyathyathya, ndipo m'chigwa chimenechi ndimo muli midzi, minda ndi sukulu. Mwana wa kumeneko amawoloka mtsinje popita kusukulu, amachapa ndi kusamba kudambo, ndipo akasinkhuka amakwera bwato ndi atate ake kapena amalume ake kukapha matemba, makumba ndi milamba. Komatu chodandaulitsa n'chakuti mwa zonse zimene mwanayu amaphunzira kuyambira Sitandade 1 kufikira Folomu 4, phunziro la kusambira ndi kupulumutsa munthu womira silipezeka kawirikawiri.

Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za ukali wa madzi. Pa 10 March 1991, madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo adatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo yawo. Akuluakulu adati wadutsa Napolo. Ngozi imeneyi ndiyo idachititsa kuti m'chaka chomwecho dziko la Malawi likhazikitse lamulo loona za kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kuthandiza anthu ovutika nazo. Patapita zaka 32, m'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy adabweretsa tsoka lina: kwa Nkhulambe kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Madzi saiwala khwawa; pamene adadzera kale angathe kudzeranso.

Kunena zoona, palibe luso la kusambira limene lingalimbane ndi miyala yogubuduka kuchokera kuphiri. Pa ngozi yotere chopulumutsa ndicho kumvera machenjezo ndi kuthawira kumtunda nthawi ikadalipo, ndipo mphunzitsi aliyense wonena zosiyana ndi zimenezi akunamiza ana. Koma imfa za m'madzi sizidikira namondwe. Zambiri zimachitika mwakachetechete, mmodzimmodzi, pa masiku wamba: mwana woterereka powoloka mtsinje wodzaza, kamwana kogwera m'dzenje limene anthu adakumbamo dothi la njerwa, msodzi amene bwato lake lagudubuka ndi mphepo ali kutali ndi gombe, mtsikana wotsata ndowa imene yatengedwa ndi madzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa chifukwa cha kumira, kuti mmodzi mwa anayi alionse adali mwana wosakwana zaka zisanu, ndiponso kuti poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chidaposa zigawo zonse. Imfa zoterezi ndizo zingathe kupewedwa ngati pafupi pali munthu wodziwa chochita.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi munthu wodziwa chochitayo adzachokera kuti, nanga ayenera kuphunzitsidwa ndi ndani? Chizolowezi chimene chilipo pa masewera onse n'chakuti mphunzitsi amayang'ana ana amene ali kale ndi luso, nawasankha, n'kuwasiya otsalawo kuti aziwombera m'manja. Pa mpira chizolowezi chimenechi chimangotayitsa chikho. Pa nkhani ya madzi chimatayitsa moyo, pakuti mwana wosiyidwa pamtundayo ndiye woyamba kudzamira. Ndiponso, chimene ambiri sachizindikira, mwana yemweyo akapirira naphunzira ndiye amadzakhala mlonda wodalirika wa anzake pamadzi.

Chifukwa chake chili m'ntchito yeniyeniyo ya kupulumutsa womira. Anthu ambiri amaganiza kuti wopulumutsa mnzake ndi uja amene amavula malaya, nadziponya m'madzi, n'kutuluka atanyamula womirayo. Koma mabungwe akale pa ntchito imeneyi, monga la Royal Life Saving Society limene lidayamba ku London mu 1891, amaphunzitsa kuti kulowa m'madzi ndi njira yotsiriza, yotsatidwa pokhapokha njira zina zonse zitakanika. Munthu amene akumira sakhala ndi nzeru zake zonse. Kawirikawiri safuula n'komwe, popeza mpweya wonse umene ali nawo akuufunira kupuma, ndipo amatha kulowa pansi mphindi imodzi isanathe. Akakhudza chinthu chilichonse amachikakamira ndi kuchikwera, ngakhale chinthucho chikhale mutu wa mbale wake amene wabwera kudzamuthandiza. N'chifukwa chake si zachilendo kumva kuti maliro achitika awiri pamene womira adali mmodzi.

Ndondomeko yoyenera imayamba ndi kufuula, kuitana anthu ndi kumuuza womirayo chochita. Kenaka wopulumutsayo agone chafufumimba pamtunda kuti asakokeredwe m'madzi, ndipo amutambasulire mnzakeyo nsungwi, nthambi kapena chitenje. Ngati ali patali, amuponyere chinthu choyandama chomangidwa kuchingwe. Chigubu chopanda kanthu cha malita 5 chotsekedwa bwino chimathandiza munthu kuti mutu wake ukhale pamwamba pa madzi, ndipo cha malita 20 chimaposa pamenepo. Ngati pali bwato, apalase. Zonsezi zikalephereka m'pamene munthu wophunzitsidwa bwino angasambire, komabe atanyamula choyandama choti achiike pakati pa iye ndi womirayo. Pa masitepe onsewa, ndi lomaliza lokha limene limafuna katswiri wosambira. Enawo amafuna maso akuthwa, mutu wozizira, dzanja lozolowera kuponya chingwe ndi mtima wosadzikuza.

Apa m'pamene wosambira mofooka amaonetsera phindu lake. Mnyamata amene adabadwira pagombe, amene sakumbukira n'komwe tsiku limene adayamba kusambira, amawatenga madzi ngati bwalo la kwawo. Iyeyu akaona mnzake akumira, miyendo imamutsogolera nzeru zisanafike. Akapatsidwa ana oti awaphunzitse amapsa mtima msanga, chifukwa sadziwa chimene chimamangitsa thupi la munthu wamantha. Kwa iye kuyandama n'chinthu chongochitika, ndipo sangathe kuchifotokoza. Koma uja amene adamwapo madzi kangapo, amene adatha milungu akulephera kuviika nkhope, amadziwa khwerero lililonse la ulendowo popeza adalikwera ndi thukuta. Amadziwa kuti mantha amaumitsa khosi, kuti munthu akadzutsa mutu miyendo imamira, kuti kutulutsira mpweya m'madzi kumavuta kuposa kukoka. Akaona mwana wangoti chete m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakumira ndi kutumphuka, amazindikira msanga kuti zinthu zaipa, pakuti iyenso adakhalapo momwemo. Ndipo popeza amawapatsa madzi ulemu, amayamba wafunafuna nsungwi ndi chingwe asanaganize zodziponyamo.

Maiko ena osauka adayesa kale njira imeneyi ndipo idabala zipatso. Ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe kumene kumira kwapha ana ochuluka zedi, bungwe la CIPRB lidayambitsa maphunziro otchedwa SwimSafe. Kumidzi kudalibe madamu a simenti osambiramo, choncho adamanga nsanja ndi mipanda ya nsungwi m'maiwe a m'midzi momwemo, naphunzitsa achinyamata a m'midzimo kuti akhale alangizi. Muyeso wake sudali liwiro. Mwana amayenera kusambira mamita 25, kukhala choyandama masekondi 30, ndi kuonetsa kuti angathe kupulumutsa mnzake iye ali pamtunda. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2012 adaonetsa kuti pakati pa ana amene adatsiriza maphunzirowo, imfa za kumira zidachepa ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo amene sadaphunzire. Ku Zanzibar nako, m'mudzi wa Nungwi, bungwe la Panje Project lidayamba kuphunzitsa ana kusambira, kuphatikizapo atsikana amene mwambo udali kuwaletsa, ndipo poyandama ankagwiritsa ntchito zigubu za pulasitiki zonga zomwe zimapezeka m'nyumba iliyonse ya ku Migowi kapena ku Chiringa. Ena mwa atsikana amene adayamba ali oopa madzi adadzasanduka aphunzitsi a anzawo.

Palinso nkhani ya Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea, imene mphunzitsi aliyense angaifotokozere ana ake. Mnyamatayu adapita ku masewera a Olimpiki a mu 2000 ku Sydney atangophunzira kusambira kwa miyezi yowerengeka m'kadziwe ka pahotela, ndipo dziwe lalitali mamita 50 adali asanalionepo. Pa mpikisano wa mamita 100, anzake awiri amene adayenera kupikisana nawo adachotsedwa chifukwa chodumpha nthawi isanakwane, motero adasambira yekhayekha pamaso pa khamu la anthu. Chakumapeto mphamvu zidamuthera kotero kuti ambiri adayesa kuti safika, koma adafika, atatha mphindi imodzi ndi masekondi 52, pamene akatswiri ankamaliza mtunda womwewo m'masekondi osakwana 50. Ena adamuseka. Iye sadaleke, m'zaka zotsatira adatsitsa nthawi yake kufika pansi pa mphindi imodzi, ndipo mu 2012 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa timu ya osambira ya dziko lake. Kukadakhala kuti woyamba kumuona akuvutika m'madzi adamuuza kuti atuluke, dziko lakelo likadataya mphunzitsi.

Nanga mphunzitsi wa ku Phalombe amusamale bwanji mwana wotsalira? Choyamba, aletse chipongwe. Mwana amene wasekedwa pa tsiku loyamba sabweranso pa tsiku lachiwiri, ndipo akadzabwerera kumadzi adzapita yekha mobisala kuti akadziyese, kumene kuli koopsa koposa. Chachiwiri, agawe ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono: lero kuviika nkhope m'madzi ofika m'chiuno, mawa kutulutsa mpweya, mkuja kugona chagada atakumbatira chigubu, kenaka kugona chagada popanda chigubu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachitatu, asamukankhire mwana m'madzi akuya poganiza kuti mantha atha okha. Mchitidwe umenewu wapha ana ndipo wasiya ena akudana ndi madzi moyo wawo wonse. Chachinayi, ayese mwana aliyense ndi pamene adali dzulo, osati ndi pamene pali mnzake. Amene sabata yatha adayandama masekondi asanu ndipo lero wafika khumi wapambana, ndipo ayenera kumva mphunzitsi wake akunena pamaso pa onse kuti, "Mwanawe, lero wachita bwino, mawa tidzawonjezera." Chachisanu, amupatse udindo kuyambira pachiyambi. Wosambira mofooka angathe kukhala katswiri woponya chingwe, wowerenga anzake polowa ndi potuluka m'madzi, kapena woyang'anira ali pamtunda. Udindo wotere umamusunga m'gulu kufikira thupi lake litazolowera.

Kupirira kumafunika mbali zonse ziwiri. Mwana apirire kumwa madzi ndi kutsalira. Mphunzitsi apirire kubwereza chinthu chimodzimodzi kakhumi popanda kukweza mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe chifundo chisafike pofewetsa muyeso. Munthu amene sadakwanitse kusambira mtunda woikika, kapena kukoka mnzake kufikira pamtunda, asapatsidwe dzina la wopulumutsa wolowa m'madzi, ngakhale akhale wakhama chotani, pakuti dzina lopatsidwa mwachifundo lidzamupha pa tsiku la ngozi. Chimene chikupemphedwa n'chakuti wofooka apatsidwe nthawi yokwanira kuti afike pa muyesowo, ndipo pamene sadafike adziwe bwinobwino malire ake, natumikire ali pamtunda. Kudziwa malire ako ndi gawo la maphunzirowo.

Phunziro lina limene silifuna kusambira n'komwe ndilo chithandizo choyamba. Munthu akavuulidwa m'madzi, anthu ambiri amathamangira kumupsinja pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Kumeneko n'kutaya nthawi, ndipo kungachititse kuti zam'mimba zilowe m'mapapo. Chimene womira akusowa ndi mpweya. Ngati sakupuma, agonekedwe chagada pamalo olimba, chibwano chikwezedwe, auziridwe mpweya pakamwa kasanu, kenaka apsinjidwe pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuziridwa kawiri, mobwerezabwereza kufikira atayamba kupuma kapena chithandizo chitafika. Ngati akupuma, agonekedwe chammbali, afunditsidwe, ndipo atengeredwe kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wachira, popeza mapapo amene mwalowa madzi angathe kuvuta patapita maola angapo. Zimenezi siziphunziridwa pongowerenga. Zimafuna mlangizi wodziwa ndi kuyeserera kawirikawiri. Bungwe la Malawi Red Cross Society lakhala likuphunzitsa chithandizo choyamba kwa zaka zambiri, ndipo aphunzitsi aakulu angachite bwino kuligogodera pamodzi ndi azaumoyo a m'dera lawo.

Makolo ena adzafunsa za likodzo, ndipo funso lawo n'lomveka, pakuti matendawa ngofala m'madera ozungulira Nyanja ya Chilwa, ndipo tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi odekha okhala ndi zomera. Yankho lake n'lakuti anawo akulowa kale m'madzi omwewo tsiku ndi tsiku popanda wowayang'anira. Malo ophunzirira asankhidwe mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, akhale osaya, a pansi polimba, opanda udzu ndi bango, odziwika kuti mulibe ng'ona kapena mvuu, ndipo atchingidwe ndi nsungwi. Ana apitirize kulandira mankhwala a likodzo pamene azaumoyo awagawa. Maphunziro achitike m'chilimwe, madzi ataphwera ndi kuyera, osati m'dzinja mitsinje ikusefukira. Gulu lolowa m'madzi likhale laling'ono, ndipo nthawi zonse pakhale munthu wamkulu pamtunda amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Kumene malo otere sapezeka, ana asalowetsedwe m'madzi ayi; aphunzire kuponya chingwe, kutambasula nsungwi ndi chithandizo choyamba pabwalo la sukulu, pamodzi ndi lamulo lakuti madzi othamanga ofika m'mawondo angathe kugwetsa ngakhale munthu wamkulu, choncho kuchedwa kusukulu kuli bwino kuposa kuwoloka mtsinje wodzaza.

Atsikana asaiwalidwe. Iwo ndiwo amakhala kumtsinje nthawi yaitali, kuchapa ndi kutunga madzi, ndipo ndiwo amabereka ndi kulera ana aang'ono amene amagwera m'zitsime ndi m'maenje. Komatu anyamata amaphunzira kusambira poweta ndi posewera, pamene atsikana ambiri amakula osaphunzira chifukwa cha manyazi ndi miyambo. Motero gulu la osambira mofooka ladzaza ndi atsikana, ndipo mphunzitsi wosankha akatswiri okha amakhala atawataya onse mosazindikira. Pafunika alangizi aakazi, nthawi yawoyawo ndi zovala zimene makolo angavomereze. Mafumu ndi makomiti a sukulu akakhala pansi, zimenezi sizingakanike.

Kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akukhala pamudzi kudikira mwayi, nkhani ino ili ndi mawu apadera. Ambiri mwa iwo akudziwa kuwawa kwa kutsalira: dzina losatuluka pa mndandanda wa osankhidwa, mayeso a Folomu 4 ofuna kubwereza, makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Iwowa ndiwo angamvetse bwino mtima wa mwana amene akulephera pamene anzake akupita patsogolo. Ku Bangladesh alangizi adali achinyamata ngati iwo omwe, okhala m'mudzi momwemo, odziwa dziwe lililonse ndi kholo lililonse. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Phalombe amene angadzipereke kuphunzira ntchito imeneyi moyenera, kwa anthu oidziwa, adzakhala ndi luso lofunika pa madooko a Nyanja ya Chilwa monga ku Swang'oma, m'makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngakhalenso kumalo ochezera alendo m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Koma asathamangire kuphunzitsa ena iye asanaphunzitsidwe ndi kuyesedwa, pakuti kufunitsitsa kopanda chidziwitso kumaika ana a eni pangozi.

Boma la Phalombe lili ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Kukadakhala koyenera kuti mphunzitsi aliyense wotuluka m'menemo adziwe ndondomeko ya kupulumutsa womira ali pamtunda ndi chithandizo choyamba, ngakhale iye mwini akhale wosambira mofooka. Zipangizo zake si zodula: nsungwi yaitali, chingwe, zigubu zingapo ndi wezulo. Mu 2021 bungwe la United Nations lidakhazikitsa tsiku la 25 July kuti chaka chilichonse likhale lokumbukira kupewa imfa za kumira. Tsikuli limagwa m'nyengo yopanda mvula, ndipo sukulu kapena mudzi uliwonse ungathe kuligwiritsa ntchito poonetsa makolo zimene ana aphunzira, ndi kuyendera maenje ndi zitsime zofunika kukwiriridwa kapena kuvindikiridwa mvula isanabwere.

Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Phalombe adalira mu 1991, adaliranso mu 2023, ndipo pakati pa zaka zimenezi mabanja ambiri alira paokha maliro amene sadamveke pa wailesi. Aphunzitsi sangaletse mvula, koma angathe kusankha kuti mwana wamantha uja, amene akunjenjemera m'madzi ofika m'chiuno anzake akumuseka, asabwezedwe kumtunda. Amugwire dzanja, abwerenso naye mawa ndi mkuja, kufikira atayandama. Tsiku lina mtsinje utadzaza, pamene akatswiri adzakhala akuvula malaya, angathe kudzakhala iyeyo amene adzakumbukire kuthamangira chingwe ndi chigubu.